Ng'ombe ya pa Maliro a Dokotala

Lezala inali itangofika pakati pa mutu wa Priska pamene galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa nimu. Priska anazindikira chizindikiro cha pa chitseko, dontho la madzi labuluu, ndipo anafuna kudzuka.

"Khala pansi iwe," anatero azakhali ake a Luisa, akumukanikiza paphewa. "Mutu wa maliro sausiya theka. Alendowo adikira."

Anakhala. Tsitsi linapitiriza kugwera pa chiguduli. Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo ake, a Kaitano, m'manda, tsiku lometa. Amayi ake a Maness anali atametedwa kale, atatsamira chipupa pakhonde. Bambo ake aakulu a Ignasio, amene tsopano anatsala okha mwamuna pa mtundu wawo, anali pampando wa ndalema akusisita mpala wawo.

A Kaitano anaphunzitsa uinjiniya pa yunivesite ina ku Blantyre zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kuno ku Mlolo tinkangowatchula kuti a Dokotala, ndipo pali agogo ena amene mpaka lero amakhulupirira kuti ankabaya jekeseni. Zaka zomalizazi ntchito inawawawira. Ndalama zochokera ku boma zinkachepa chaka ndi chaka, makina a m'wekishopu anafa amodziamodzi, ndipo ana ankamaliza sukulu ali mainjiniya a pa bolodi, oti pampu anangoiona itajambulidwa ndi choko. Aphunzitsi anzawo ena anapinda manja, ena anathawira kunja. Iwo anatha nsapato m'maofesi a makampani, kudikirira pa mabenchi ngati munthu wofunsa ntchito, mpaka kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi wothirira inavomera.

Sikunali kuvomera kwa chifundo ayi. Kampani ilipirira fizi ophunzira khumi ndi awiri ndi kudzutsa makina a m'wekishopu. Ophunzirawo ayese pampu yake yatsopano yoyendera dzuwa kwa chaka chathunthu m'madzi athu amatopewa, momwe mchenga umapha pampu iliyonse. Zotsatira zikakoma, mgwirizano upitirira zaka zisanu. Priska, amene anali chaka chachitatu, analowa m'gulu la khumi ndi awiriwo chifukwa cha malikisi ake. Pampu anakaiika m'dimba la a Ignasio kufupi ndi mtsinje wa Ruo, ndipo inali itagwira miyezi khumi pamene a Kaitano anagwa pa siteji ya minibasi ku Thabwa, chikwama cha masipanala chili m'manja. Anali pa ulendo wodzaiona.

Wotsika m'galimotomo anali Hilario, injiniya wa kampaniyo, mwamuna wa ku Katunga amene nayenso anadutsa m'manja mwa a Kaitano. Anavula chipewa, nakanjuta patsogolo pa a Maness.

"Pepani mayi. Uthenga unandipeza ndili kumpoto. Ndalephera ngakhale kuponyako dothi."

"Takhuta, zikomo mwanangu, mwabwera ndithu," anayankha a Maness. "Aphunzitsi anu aja ndi amenewo, atisiya."

Anapepesa kwa a Ignasio, kwa a Luisa, kenaka kwa Priska, amene anali akukuntha tsitsi pa khosi. Anamwa madzi. Anafunsa za matenda, za ulendo wa thupi, za anthu amene anabwera. Atatha zonsezo m'pamene anatsitsa mawu.

"Ndikudziwa kuti si tsiku lake, koma Lachisanu mabwana akukumana kuti agamule za mgwirizano uja. Pa pampu paja pali kabokosi kamene kamasunga zonse za miyezi khumiyi, madzi amene yakoka, mchenga, maola. Ndingotenga zimenezo basi, sindichedwa."

"Tiyeni ndikuperekezeni," anatero Priska.

A Ignasio anatsokomola. Anayang'ana ku khola, kenaka anayang'ana zala zawo. "Dzuwa lakula ili," anatero. "Bwanji mlendo ayambe wadya?"

Palibe anawamva bwino. Priska anali atamanga kale duku.

Dzuwa la Okutobala kuno silifunsa kuti uli pa maliro. Anayenda m'kanjira kodutsa m'minda yokwiririka ndi mchenga umene madzi osefukira anasiya chaka chatha, Hilario patsogolo, Priska pambuyo. Mutu womwe wangometedwa unkawotcha ngakhale m'kati mwa duku. Priska anali asanapondeko ku dimba chibwerereni, poti mwana wamasiye sachoka pa siwa. M'njiramo anamufotokozera Hilario za sefa imene iye ndi anzake anapanga kuti mchenga usamalowe. Kanali koyamba chimwalirireni bambo ake kuti alankhule mawu ambiri chotero.

Atafika pa mpanda wa bango anaima onse awiri.

Mizati inayi inali chiimire, yopanda masola. Pa simenti pamene pankakhala pampu panatsala mabawuti anayi odulidwa ndi sowo. Paipi yakuda anaidula ndi chikwanje, ndipo mbali yotsalayo inangoti yasa kuloza kumtsinje. Tomato anali atayamba kugona. Chimanga chinali chitapota masamba.

Hilario anazungulira simentiyo kawiri. Anagwada, nakhudza bawuti imodzi.

"Akuba," anatero.

Priska anayang'ana chitseko cha mpanda. Chinali chomangidwa bwinobwino ndi luzi, mfundo yake ya a Ignasio. Akuba samanga chitseko akamachoka. Nthawi yomweyo anakumbukira nyama.

Kuno timalemekeza munthu akafa kuposa akamadwala. Maliro a a Kaitano anali aakulu. Kunabwera basi ya ophunzira, magalimoto a maprofesa, kwaya ziwiri, ndi midzi yonse kuyambira ku Makhanga mpaka ku Muona. Ndipo anthu anadya ng'ombe, yamphongo, yonona, yoti adzukulu anachita kuyamikira poyera kuti chimwalirireni mfumu yakale sanaonenso zotere. Aliyense ankadziwa kuti khola la a Ignasio linapita ndi madzi, osatsalamo ndi kathole komwe. Koma ndani amafunsa kumene kwachokera ndiwo ali ndi mbale m'manja? Priska naye sanafunse.

Anabwerera kunyumba. Anapeza a Luisa atayala mphasa pabwalo ndi kutulutsa sutikesi ya malemu kuti zovala zigawidwe. Munali mashati anayi, jekete ya pa ukwati, ovolosi ziwiri zothimbirira ndi girisi. Abale ochepa amene anatsala anali atakhala mozungulira, ndipo pa nkhope zawo pankaoneka kuti amayembekeza zoposa apo.

Priska anaima patsogolo pa a Ignasio. Sanagwade.

"Bambo, pampu ili kuti?"

"Iwe Priska," anatero a Luisa. "Ukulankhula ndi ndani uli chiimire?"

"Musiyeni," anatero a Ignasio. Anakhala tsonga. "Pampu ndinasinthitsa ndi ng'ombe. Nkhabe kubisa, sindibisa. Ndinamupatsa Augustino wa kutsidya, iye n'kundipatsa ng'ombe ija munadya."

A Maness anagwira pakamwa.

"Munasinthitsa," anatero Priska.

"Nanga ndikanatani? Uthenga wabwera Lachinayi kuti Dokotala wamwalira, kukubwera mabasi. M'nkhokwe mulibe kanthu, m'khola muli udzu. Umafuna m'bale wanga, munthu wophunzira kuposa aliyense m'chigwa muno, apite ndi nyemba? Anthu a ku Blantyre akaseke kuti kwawo kwa Dokotala ndi kwa amphawi? Ine ndili moyo, nkhabe."

"Pampu ija si ya bambo."

"Si yake bwanji? Anabwera nayo ndani? Anaimanga ndani ndi manja ake, pa nthaka ya bambo athu? Munthu akafa, pinthu pyake pyonsene pimatsala m'manja mwa mkulu wake. Si ine ndayambitsa zimenezo. Ndipo sindinadye ndekha, ndinamuikira mwini wake yemweyo."

Zoona zake n'zakuti a Ignasio sanali wakuba, ndipo izi n'zimene zinkapweteka kwambiri. Anali munthu amene anasiya sukulu Sitandade 2 kuti aziweta ng'ombe zimene zinaphunzitsa mng'ono wake. Zaka zonsezi anakhala akuuza anthu pa msika kuti m'bale wake ndi Dokotala, ndipo m'mutu mwawo Dokotala sangakhale wopanda chuma. A Kaitano nawo anali ndi vuto lawo. Sankafotokoza. Ankabwera Loweruka, kumasula, kupukuta, kulemba m'kabuku, kudya, n'kubwerera. Kuuza akulu awo kuti chinthu chili m'dimba mwawo n'chobwereka kunkawachititsa manyazi.

"Alamu," anatero a Maness mwapang'onopang'ono, "mukanandifunsa."

"Inu munali m'nyumba mukulira. Zamaliro amayendetsa ndi amuna."

"Mukanandifunsabe. Ndikanakuuzani kuti mng'ono wanu analibe kanthu. Nyumba tikukhala ija ndi ya sukulu, atipatsa miyezi itatu. Galimoto ija anagulitsa chaka chatha kuti ana a sukulu azikwera minibasi kubwera kuno, poti sukulu inati ilibe mafuta. Chuma chake ndi chimene chili pa mphasapo."

Onse anayang'ana mashati aja. Msuweni wina amene anabwera ndi thumba lopinda m'khwapa analibisa kumbuyo.

Hilario anapempha nambala ya Augustino. Anaimba kanayi, foni osalowa. A Luisa anati munthuyo anawoloka Ruo Loweruka m'mawa ndi bwato, katundu atamukuta ndi lona, ndipo amene amamudziwa amati sagoneka chinthu masiku awiri. Pofika lero pampu iyenera kuti ili m'dimba la munthu wina kutali m'kati mwa Mozambique.

"Nanga kabokosi kotuwa kanali pa mzati?" anafunsa Hilario.

"Anatenga zonse," anayankha a Ignasio. "Anati popanda kameneko siyaka."

Hilario anapukuta nkhope ndi chipewa. "Bambo, chitsulo chija si nkhani. Kampani ili nazo zina m'sitolo. Chimene ankalipirira ana khumi ndi awiri ndi zimene zinali m'kabokosimo. Netiweki kuno ndi yovuta, ndiye zonse zimasungidwa momwemo. Miyezi khumi."

"Ndiye abweretse ina, ayambirenso," anatero a Ignasio. "Dimba lilipo."

Hilario anapita pansi pa nimu, naimba foni. Pabwalo ponse panali zii, moti ankamveka akulankhula Chingerezi, poyamba mawu ambiri, kenaka amodziamodzi, kenaka kungovomera. Priska ankamva zonse ndipo analakalaka akanakhala wosaphunzira. Nkhuku inadutsa pa mphasa n'kuponda jekete ya pa ukwati, palibe anaiingitsa.

Atabwerera anakhala pa njerwa pafupi ndi a Maness.

"Sindikunamizani mayi. Mabwana ena ankafuna kale kuchoka. Amati ndalama zakunja zikusowa, ndipo kuphunzitsa ana ndi ntchito ya boma, si yawo. Amene ankawagwira mwendo ndi a Dokotala, ndi lonjezo la zotsatirazi. Tsopano a Dokotala kulibe, zotsatira kulibe." Anayang'ana Priska. "Akuti teremu ino amaliza poti analipira kale. Ikatha, basi."

"Basi chiyani?" anafunsa a Ignasio.

"Basi sukulu yanga," anatero Priska. "Ine, Yamiko, Chikhulupiliro, tonse khumi ndi awiri. Yamiko mayi ake amagulitsa makala ku Bangula. Mukuganiza kuti fizi ya uinjiniya aipeza m'makala? Ngongole ya boma tinapempha tonse, anapatsidwa awiri. Kwatsala zaka ziwiri kuti timalize, Bambo. Zaka ziwiri."

"Mwanangu, ine sindinadziwe."

"Simunafunse! Mwaphika sukulu yathu n'kugawira mudzi wonse m'mbale. Anthu atsuka m'manja, apita." Anadziloza pachifuwa. "Inenso ndinadya. Azakhali anandikakamiza kuti ndidyeko kachiwindi ndingagwe. Ndinadya."

Apa m'pamene analira. Pa manda sanalire chotere. Analira ndi mkwiyo, atakhala pa dothi, duku litagwa, ndipo a Luisa amene akanamukalipira chifukwa chokweza mawu pa akulu anangomufunditsa chitenje pa mutu kuti dzuwa lisamuwotche.

A Ignasio anaweramitsa mutu. Munthu amene masiku asanu onse ankayendetsa maliro ndi mawu amodzi, kuloza adzukulu uku, amayi uko, tsopano anaoneka wokalamba ndi wochepa pampando wake. Anali ndi chisoni chenicheni, koma chisoni sichibweza bwato limene lawoloka.

Abale anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Zovala sizinagawidwe. A Luisa anazipinda n'kuzibwezera m'sutikesi.

Hilario anatsanzika. Atafika pa galimoto anatsegula chitseko, naima nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa envelopu ya khaki n'kubwerera nayo.

"Mayi, iyi ndimati ndipereke pomaliza, kuti mwina ingakupepuzeni. Tsopano sindikudziwa ngati ndikuchita bwino. Koma ndi yanu, sindingabwerere nayo."

Anaisiya m'manja mwa a Maness, nalowa m'galimoto, napita. Fumbi linatenga nthawi kuti likhazikike.

A Maness anapatsira Priska. "Maso angawa atupa. Tawerenga."

Munali mapepala awiri omata pamodzi. Lapamwamba linali la kampani, la chidindo, lolembedwa masabata awiri apitawo. Lapansi linali kalata ya bambo ake. Priska anawerenga chamumtima, nayambiranso. Kenaka anangokhala, mapepala ali pa miyendo.

"Ndi za apolisi?" anafunsa a Ignasio. "Ngati ndi za apolisi nena. Ndipita ndekha, sachita kudzanditenga."

"Si za apolisi."

"Nanga alembamo chiyani?"

Priska anawayang'ana. Mkwiyo unali ukadalipo, ndipo ankadziwa kuti chimene chili m'manja mwake chiwapweteka kuposa mawu onse amene ananena. Anaganiza zopinda mapepalawo n'kunena kuti ndi za kuntchito. Koma kusafotokoza n'kumene kunawafikitsa apa.

"Iyi analemba bambo mu Juni, kulembera kampani," anatero, nayamba kumasulira m'Chichewa, mzere ndi mzere. "Akuti, mayeso akadzatha mu Disembala, ndikupempha kuti pampuyi musadzaichotse. Mudzaisiyire mwini dimba, Ignasio. Iyeyo waisamala kuposa mmene ophunzira anga akanachitira, amachotsa mchenga m'sefa m'mawa uliwonse popanda womutuma. Madzi osefukira anamulanda ng'ombe zonse. Ndi mkulu wanga, ndipo ine ndinaphunzira chifukwa iye sanaphunzire. Ngati pali mtengo woti ulipidwe, mudzadule pa malipiro anga a upangiri."

Anatembenuza pepala.

"Iyi ndi yankho la kampani. Avomera. Akuti kuyambira pa 1 Januwale pampu, masola ndi mapaipi zikhala za a Ignasio, kwaulere."

A Luisa anadzuka n'kulowa m'nyumba. A Maness anatseka maso.

A Ignasio anatambasula dzanja, ndipo Priska anawapatsa kalata ya bambo ake ija. Anaigwira ndi manja awiri, kutali ndi nkhope. Kuwerenga sankadziwa. Koma kalekale, a Kaitano ali ku sekondale, holide iliyonse ankawatsatira kubusa ndi kamtengo, kulemba pa mchenga wa m'mbali mwa Ruo zilembo zisanu ndi ziwiri, kufuta, kulembanso, mpaka mkulu wawo anadziwa dzina lake kuti asamadinde chala pa msika wa thonje.

Chala cha a Ignasio chinayenda pa mizere ya Chingerezi pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba. Chinadutsa mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi chinaima, ndipo sichinasunthenso.